Pamaso pa Mkamwini

Ndinadziwa kuti amayi sakudya nditangoona mmene anamangira chitenje. Amayi athu a Nachisale ndi munthu wathupi, chitenje chimodzi chimawakwana mochita kukoka. Koma Loweruka limenelo nditafika ku Area 3 ndinawapeza pakhonde chitenje chitawazungulira mpaka mfundo kukathera kumsana. Ndinawafunsa ngati akudwala, anati ayi. Ndinawafunsa ngati akudya, iwo anayang'ana kumpanda n'kunena kuti chakudya m'nyumba muno n'chosasowa.

Ine ndine Margret, mwana wawo woyamba. Ndine sekilitale ku Capital Hill, ndiye mayankho ozemba ndimawadziwa bwino, ndi amene ndimataipa tsiku ndi tsiku. Munthu ukam'funsa ngati akudya iye n'kumakuuza za kuchuluka kwa chakudya, ameneyo sakudya. Tsono amayi ali ndi shuga uja wodzibaya jakisoni. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti munthu wotere akamabaya koma osadya, tsiku lina amangogona osadzukanso.

Nyumba imeneyo ndi ya mlamu wanga Sagar, mwamuna wa mng'ono wanga Eveless, amene tinamuika m'manda kwathu ku Mitundu mvula ili mkati. Sagar ndi mmwenye wobadwira mu Old Town momwemu, ali ndi shopu ya nsalu imene anamusiyira bambo ake, ndipo Chichewa amachiyankhula kuposa ana anga amene. Atakwatira Eveless abale ake sanam'thamangitse ayi, koma kumaphwando ankamuitana yekha, iye mpaka anasiya kupitako. Mwana sanakhale naye. Ankangokhala awiriwiri m'chinyumba chija, chopanda ngakhale wantchito, chifukwa Eveless sankafuna mkazi wina m'khitchini mwake.

Eveless atadwala, amayi anabwera kudzamusamalira. Maliro atatha, Sagar anakagwada kwa amalume athu a Maynard kupempha kuti amayi abwererenso kutauni azikakhala naye. Anati Eveless anamulonjezetsa zimenezo. Mankhwala a amayi amafuna firiji, kumudzi kulibe magetsi, ndipo kwanga ku Kawale tili mpanipani ndi ana m'zipinda ziwiri. Tonse tinkayembekeza kuti amayi akana. Iwo anangonyamula chikwama chawo n'kukalowa kumpando wakumbuyo kwa galimoto, duku atalikokera kumaso. Pa anthu onse amene tinali pamenepo, palibe anafunsa kuti azikadya bwanji.

Loweruka lija Sagar anatseka shopu masana n'kubwera kudzaphika. Anaphika mpunga, mphodza zothira zonunkhira zakwawo, machapati ndi nkhuku, chonsecho iye nyama sadya. Atayala nsalu patebulo anabwera pakhonde n'kuwerama.

"Amayi, chakudya chapsa. Tiyeni m'nyumba."

Amayi anadzuka osayankha, n'kudikira kuti iye atsogole patali ndithu asanayambe kuyenda. Titalowa anawakokera mpando. Iwo anakhala cham'mbali, miyendo kunja kwa tebulo, nkhope kukhoma. Sagar anabweretsa beseni ndi jagi n'kugwada kuti awasambitse yekha. Amayi anatambasula manja khosi atalipotoza, ngati mwana amene akuopa jakisoni. Kenako anawagawira mbale yodzaza, n'kukakhala moyang'anizana nawo, manja ake atawapinda pamiyendo.

"Idyani, Amayi."

Ine njala inali itandigwira, ndinayamba kudya, koma nditameza kawiri ndinazindikira kuti ndikutafuna ndekha. Amayi ankayang'ana khoma. Sagar ankayang'ana mbale ya amayi. Pakati pawo panali mpando wa Eveless, uja wapafupi ndi khitchini, juzi yake yofiirira ili chikolowekere pamene anaisiya. Mphepo inakankha chitseko cha kukhitchini, chinalira pang'ono, ndipo onse awiri anadzutsa mitu nthawi imodzi. Ndinaona ndi maso angawa kuti akuyembekezera munthu. Ndinasiya kudya.

Chakudya chitazizira, amayi anawomba m'manja pang'onopang'ono kuthokoza mbale imene sanaikhudze, n'kupita kuchipinda. Sagar anayamba kuvundikira zakudya mwakachetechete, monga munthu wozolowera. Apo m'pamene mtima wanga unaphulika. Ndinamugwira malaya n'kumukokera kuseri kwa nyumba, kuja amayanika zovala.

"Alamu, kodi mwapangana ndi ndani kuti mundiphere amayi?"

"Ine? Mlamu, ndayesa zonse. Nsomba ndinagula, nkhwani ndinakafuna kumsika, lero nkhuku iyi. Mwina manja anga sakoma."

"Si za manja anu. Inu ndinu ndani kwa amayi?"

"Mkamwini."

"Ndiye munamva kuti kuti apongozi amatafuna pamaso pa mkamwini?"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Munthu wobadwira ku Lilongwe, wodziwa kunenerera mtengo m'Chichewa chozama mpaka amayi a ku Nathenje kugonja, koma ichi chokha sanachidziwe. Ndinachita kum'fotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Kwathu apongozi aakazi ndi mkamwini amapatsana ulemu potalikirana. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, satchulana maina. Abambo athu akaona agogo akubwera panjira ankapatukira m'chimanga mpaka adutse, osati chifukwa chodana, ankakondana kwambiri. Ambiri masiku ano anazisiya, koma amayi athu ndi akale, zimenezi zili m'mafupa.

"Inu mukamawakokera mpando, kuwasambitsa, kuwakhalira kutsogolo maso ali tong'o, kwa iwo kuli ngati mukuwavula pagulu. Bwanji osangodya zanu n'kuchokapo?"

"Sindingayambe ine," anatero motsitsa mawu. "Kwathu wamng'ono saika kanthu m'kamwa wamkulu asanayambe. Bambo anga a Hasmukh akachedwa kushopu tonse tinkadikira, mimba ilire bwanji. Ndipo wamkulu sum'siya adye yekha, umakhala pomwepo kumugawira."

"Ndiye inuyo mukudya chiyani?"

"Mabisiketi. Kushopu."

Ndinamuyang'anitsitsa bwino tsopano. Lamba anali ataboola bowo latsopano ndi msomali. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kum'menya mbama. Anthu awiri akuluakulu, ndi nzeru zawo, kufa ndi njala chakudya chili patebulo, aliyense akuchitira mnzake ulemu.

Sagar anakhala pansi pa sitepe ya kukhitchini. Anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

"Amayi akabwera kudzacheza, nthawi ya chakudya ikakwana, Eveless ankakumbukira kuti mchere watha. Ankandituma kugolosale. Ndikabwerako ankati amayi adya kale, tiyeni tidye ife. Ine ndinkamuseka kuti ndi mkazi woiwalaiwala. Sabata yatha ndinatsegula kabati ya pamwamba ija. Muli mchere wokhawokha, mlamu. Mapaketi osatsegula mpaka kumwamba."

M'maganizo ndinamuona mng'ono wanga ataimirira pakhomo lija ndi kumwetulira kwake kwabodza, akuthamangitsa mwamuna wake mwaulemu, n'kutenga mbale ziwiri kukakhala pansi ndi amayi. Zaka zonse zija anagwira ntchito imeneyi yekha osauza munthu, kuti mwamuna wake asaone amayi ake ngati achimidzi, ndi kuti amayi ake asaone mwamuna wake ngati wamwano. Ngakhale akudwala, amayi ankadyera kuchipinda kwa wodwalayo, ndiye nkhani sinaoneke. Ndinamukwiyira Eveless chifukwa chosatiuza, ndipo ndinamusowa koopsa nthawi yomweyo.

Ndinapita kuchipinda kwa amayi. Anali atakhala pamphasa imene anabwera nayo, bedi lili chiyalire.

"Amayi, mukukhalira chiyani m'nyumba muno?"

"Tiyi ndi buledi. Amandisiyira pakhomo m'mawa akamathamangira kuntchito."

"Nanga akachoka, simungalowe m'khitchini n'kudzitengera?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Ndinakulera ndine, Margret. Ndinakuphunzitsa kuvundukula miphika ya eni?"

"Chabwino, nyamukani tizipita ku Kawale. Tikapanikizana konko."

"Sindichoka."

Ine ndiye mutu wanga umathamangira njira yachidule. Kwathu mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amamusudzula mwamuna, kutanthauza kum'masula kuti ukwati watha, apite akaone zina. Amalume a Maynard anali atandiimbira kale kufunsa kuti tichita liti. Ndinawauza amayi kuti mankhwala ake ndi amenewo. Tim'sudzule, asakhalenso mkamwini, akhale munthu wamba, azidya naye momasuka ngati mmene angadyere ndi munthu wina aliyense.

Amayi anasalaza mphasa ndi chikhatho nthawi yaitali.

"Usandione ngati ndapenga. Ndikudziwa kuti mwana wanga tinamuika, dothi ndinaponyako ndekha. Koma ndikamva mapazi a bamboyu pakhonde n'kukokera duku kumaso, mtima umandiuza kuti ndili m'nyumba ya mwana wanga wokwatiwa, wangotuluka pang'ono. Munthu sakhala ndi mkamwini popanda mwana wamkazi." Anakweza maso. "Tsiku limene ndidzatafune pamaso pake, udziwe kuti ndamusudzula ndekha, popanda amalume ako. Adzakhala bambo wa eni wogulitsa nsalu. Ndipo Eveless sadzakhalanso paliponse m'nyumba muno."

"Amayi, mufa."

"Ukayankhula choncho uzitsitsa mawu. Angamve."

Ndinatuluka misozi ili m'maso, ndikupsa mtima ndi aliyense. Sagar anali akadali pa sitepe paja. Ndinam'fotokozera zonse mmene amayi ananenera, osachotsapo kanthu, chifukwa ine kubisa mawu sindidziwa. Ndinkaganiza kuti anena kuti chabwino, itanani amalume tithane nazo. Anapukusa mutu.

"Sindikufuna kusudzulidwa."

"Alamu, mukadali mnyamata inu."

"Azakhali anga ayamba kale kunditumizira zithunzi za akazi pafoni. Kwa iwo zaka zanga ndi Eveless zinali ngati chimfine, chatha, tiyeni tipitirize. Makasitomala anandipepesa sabata yoyamba, pano akufunsa mitengo basi. M'tauni yonse ino munthu mmodzi yekha ndi amene akandiona amaona mwamuna wa Eveless, ndipo ndi amene amandibisira nkhopeyo. Sindinkadziwa kuti akutanthauza zimenezo. Tsopano ndadziwa, mukufuna ndizitaye?"

Tinagwirizana kuti aziphika, aziika chakudya patebulo, agogode pachitseko cha amayi, iye azikadyera kuseri pa sitepe. Anavomera ngakhale zinkamuwawa kusiya wamkulu yekha patebulo. Ndinakwera minibasi ya ku Kawale ndikudziuza kuti nkhani ndaithetsa.

Lamulungu nditaweruka kutchalitchi ndinaimba foni. Sagar anati mbale yabwerera mmene inapitira, angotapako pang'ono m'mphepete. Ndinati awapatse foni amayi. Anaiika pampando n'kuchoka, ndinamva mapazi ake akutalikira, kenako mpweya wa amayi.

"Mwayambanso chiyani, Amayi?"

"Ndinasuzumira pawindo. Mwini nyumba wakhala pa sitepe, mbale pamiyendo, ngati mlonda. Ine mlendo ndili pa tebulo lake. Ndimeze bwanji, Margret?"

"Tengerani mbale kuchipinda."

"Ndinayesa. Chibadwire sindinadyepo chakudya chenicheni ndekha. Ndikatapa ndimayang'ana pambali kuti ndimugawire, ndiye palibe."

Kunena zoona ndinawakalipira. Ndinati ulemu umenewu ndi wopha, ndinati Eveless yemweyo akanawaona akanalira. Iwo anangoti zikomo, n'kuika foni pansi osaidula. Ndinakhala ndikumvetsera nyumba ija kwa kanthawi. Munalibe phokoso lililonse, firiji yokha ikung'ung'udza patali.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinathawa kuofesi nthawi ya nkhomaliro, minibasi mpaka m'tauni, kenako kabaza. Ndinkakhala nawo pansi m'khitchini, Sagar ali kunja, ndipo ankadya ndithu, ngakhale pang'ono. Ndikabwerera ku Capital Hill thukuta lili kamukamu, abwana akuyang'ana wotchi. Lachitatu anandiika pa msonkhano wa alendo ochokera kunja, uja woyamba m'mawa osadziwika pothera. Ndinapempha kuti ndituluke, anandifunsa ngati boma liime chifukwa cha nkhomaliro ya amayi anga. Ndinawameza mawu amene anabwera pakamwa, chifukwa ana anga amadya ntchito yomweyo. Ndinakhala pakona ndikulemba, foni ili pamiyendo.

Inanjenjemera dzuwa litapendeka pang'ono. Anali Sagar.

"Mlamu, bwerani. Ali moyo, koma bwerani."

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. Ndinatsika phiri lija chothamanga, nsapato m'manja, mpaka ndinapeza takisi. Ku Area 3 geti linali lotsegula, galimoto ya Sagar chitseko chili pululu. Ndinawapeza m'kanjira kopita kuzipinda. Sagar anali atakhala pansi, msana kukhoma, mutu wa amayi uli pamkono pake. Duku linali litagwera apo, imvi zonse pamtunda. Pambali panali kapu, botolo la uchi ndi mbale ya phala la ufa woyera lophikidwa mofulumira, la mibulu. Iye anali ndi supuni m'manja, ndipo amayi ankameza.

Anandiuza atatsitsa mawu. Pobwera kudzaphika anagogoda, osayankhidwa. Anawapeza atagwa pamenepo, thukuta thupi lonse, manja akunjenjemera, akubwebweta zosamveka. Jakisoni anali atabaya m'mawa, buledi osam'khudza. Anathamangira kugeti kukuwa kuti mwina pabwere mayi wina aliyense, koma ku Area 3 mipanda ndi yaitali, agalu okha ndi amene anayankha.

"Ndinabwerera n'kuima apo," anatero akuloza ndi chibwano. "Ndinakumbukira zimene munandiuza. Ndinadziwa chimene ndikuchita, mlamu. Ndinawapaka uchi m'kamwa ndi chala changa."

Anati patapita kanthawi amayi anatsegula maso n'kupeza nkhope yake ili pafupi. Iye anayembekeza kuti atembenuka, afunefune duku. Sanatero. Anamuyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwenimweni, koyamba chikwatirire mwana wawo. Kenako anayang'ana supuni, n'kutsegula pakamwa.

Tinapita nawo kukachipatala kena kapafupi. Anawayeza, anati shuga wabwerera m'malo, anatikalipira tonse atatu, n'kutiuza kuti akadye chakudya chenicheni. Pobwerera amayi anakhala kumbuyo monga kale, koma duku analimanga bwinobwino kumutu, nkhope yonse poyera. Ankayang'ana kunja, mitengo ndi mipanda, ngati munthu amene akudutsa malo achilendo.

Titalowa m'nyumba anati, "Ndili ndi njala."

Sagar anatenthetsa mpunga ndi mphodza, n'kuika patebulo, n'kutenga mbale yake kuti azipita kuseri.

"Mukupita kuti? Khalani pansi, a Sagar."

Dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pa amayi. Analitchula bwinobwino, mwaulemu, mmene amatchulira dzina la aphunzitsi kapena a sitolo. Sagar anaima chiimire, mbale m'manja, kenako anabwerera n'kukhala.

Amayi anadzikokera okha mpando, n'kukhala mowongoka, miyendo pansi pa tebulo. Anasamba m'manja, anapemphera mwachidule, n'kuyamba kudya. Anadya ngati munthu wochokera kumunda. Anatha mbale, anapempha kuwonjezera, anayamikira mphodza kuti zafewa bwino, anafunsa dzina la zonunkhira zija. Ndinkafuna zimenezi masiku onsewa, kuona amayi anga akutafuna, koma ndinkalephera kuwayang'ana. Ndinali ndi mantha, ndipo sindikanatha kunena kuti ndikuopa chiyani.

"Malonda akuyenda bwanji masiku ano?" anafunsa.

"Pang'onopang'ono, Amayi."

"Ndi mmene zilili paliponse. Nanga akwanu ali bwanji? Azakhali anu aja akadali ndi mphamvu?"

"Alipo."

"Mukawapatse moni. Koma inu simukudya. Idyani, chizizira."

Sagar anatapa mpunga n'kuufikitsa pakamwa, koma dzanja linabwerera nawo m'mbale. Misozi inkatsikira m'ndevu zake, iye osaipukuta. Amayi anamuyang'ana mwachifundo, chifundo chija umachitira munthu wolira m'minibasi amene sukum'dziwa, n'kupitiriza kudya.

Atatha anasamba, anapukuta manja, anatsika pampando n'kugwada pansi mwa ukalamba wawo womwewo. Anawomba m'manja.

"Zikomo kwambiri, bambo. Mwatisunga, mwatidyetsa, lero mwatipulumutsa. Mulungu akubwezereni." Anatembenukira kwa ine. "Margret, kalongedze chikwama changa. Usaiwale mphasa ndi mankhwala a m'firiji."

"Amayi, nyumba ino ndi yanu," anatero Sagar. Nayenso anali atagwada, awiriwo maso ndi maso pambali pa tebulo. "Ndizikadyera kushopu. Simudzandionanso nthawi ya chakudya. Ndapota nanu."

"Mwachita zonse bwino, palibe chimene mwalakwa. Koma mlendo ndi mame, bambo. Mayi wachikulire ngati ine sangakhale m'nyumba ya mwamuna amene si mbale wake. Anthu angatiseke tonse."

Ndinakalongedza. Zovala zawo zinali zochepa, sizinanditengere nthawi. Sagar anaika mankhwala m'kabokosi kozizira ndi madzi oundana, anakulunga machapati otsala m'pepala, anawonjezapo chitenje chatsopano cha m'shopu mwake. Anati atiperekeza pagalimoto, amayi anakana mwaulemu kuti tam'tayitsa kale nthawi ya malonda. Ndinaitana takisi ija.

Ananyamula chikwama mpaka kugeti, monga achitira mwini nyumba wolemekeza alendo. Pamenepo amayi anam'patsa dzanja, lamanzere litagwira chigongono cha lamanja. Sagar analiyang'ana dzanja lija kanthawi asanalilandire.

"Tsalani bwino, a Sagar."

"Pitani bwino, Amayi."

Galimoto itanyamuka ndinacheuka. Sagar anali ataima pakati pa geti, manja ali lende, kumbuyo kwake chitseko cha nyumba chili chotsegula. Amayi sanacheuke. Anakhala mowongoka, chikwama pamiyendo, mpaka tinatsika kulowa m'tauni. Dalaivala ankamvetsera za mpira, anthu ankaweruka, ogulitsa nthochi akugogoda mawindo.

Tili pamlatho, pamzere wa magalimoto, amayi anandigwira bondo mwamphamvu.

"Margret," anatero, "Eveless wamwalira."

"Inde, Amayi."

Anayamba chapansipansi, kenako mawu anakwera, kulira kuja kwa pamaliro kotchula dzina, mwana wanga ine, wandisiyira yani, mwana wanga ine. Anthu a m'minibasi yoyandikana nafe anasuzumira, mayi wina anagwira pakamwa. Ndinawakumbatira, mafupa okhaokha m'manja mwanga, ndipo nanenso ndinalira mosadzigwira. Dalaivala anazimitsa wailesi n'kukweza magalasi.